Fayilo Yowonda ya Mayi a Makiyi

Pa ofesi ya boma ija panalibe amene ankawaitana ndi dzina lawo la kubadwa. Anali Mayi a Makiyi basi, chifukwa cha mulu wa makiyi umene unkalendewera pa chingwe m'khosi mwawo kuyambira m'mawa mpaka nthawi yoweruka. Ukangomva kuti wejeweje m'khonde lapansi, unkadziwa kuti chipinda cha mafayilo chatsegulidwa. M'chipinda chimenecho anagwiramo ntchito zaka makumi awiri ndi zisanu ndi zinayi, ndipo pamene izi zinkachitika n'kuti kutatsala chaka chimodzi ndi miyezi iwiri kuti apume.

Chipindacho chinali kunsi kwa masitepe. Chinali ndi zenera limodzi, m'mwamba pafupi ndi denga, limene linkaonetsa nsapato za anthu odutsa panja. M'katimo munali mashelefu achitsulo khumi ndi awiri, ndipo pa mashelefupo panali fayilo ya munthu aliyense wogwira ntchito m'nthambi imeneyo ya boma. Mayi a Makiyi ankati munthu angathe kuvala suti ndi kulankhula zonona, koma fayilo yake imamuulula ndi kunenepa kwake. Fayilo yonenepa ndi ya munthu wa milandu: machenjezo, malipoti, makalata odziteteza, zikalata za dokotala zokayikitsa. Munthu wogwira ntchito yake mwachete fayilo yake imakhala yowonda.

Yawo inali pa shelefu yachinayi, yopanikizidwa pakati pa fayilo ya dalaivala wina wokonda botolo ndi ya kalaliki wina wojomba Lolemba lililonse. Inali ndi masamba khumi ndi limodzi okha, ndipo moyo wawo wonse unali momwemo. Tsamba loyamba linali kalata yowalemba ntchito, ali namwali woonda wodziwa kutayipa. Lachiwiri linali lodziwitsa boma kuti akwatiwa ndi telala wina. Panali masamba atatu a tchuthi cha uchembere, limodzi la masiku atatu okaika maliro a mayi awo, limodzi la kukwezedwa, kamodzi kokha pa zaka zonsezo, ndi ena ochepa a maphunziro a sabata imodzi. Chenjezo panalibe, ngakhale la pakamwa.

Lachisanu lililonse akamapukuta fumbi ankaikoka pang'ono fayiloyo, n'kuibwezeranso. Amuna awo ankawaseka nazo.

"Anzanu akupuma ndi nyumba za mpanda, ena ndi magalimoto. Inu mudzapuma ndi chiyani, mayi a m'nyumba muno?"

"Ndi masamba khumi ndi awiri," ankayankha choncho. "Lomaliza lidzakhala kalata yondithokoza. Mukadzaiona mudzaisokere chikwama."

Musaganize kuti anali munthu wofewa ayi. Pa tebulo lawo pankakhala buku lalikulu lachikuto chakuda, ndipo fayilo iliyonse yotuluka pakhomo la chipindacho inkalembedwa m'menemo: tsiku, nambala yake, amene waitenga, kumene ikupita, ndi danga lomaliza la siginecha ya bwana wololeza. Popanda siginecha imeneyo fayilo sinkasuntha. Anabwezapo alembi a mabwana atavala nsapato zazitali, anatsitsapo mkulu wa nthambi yonse masitepe makumi atatu kuti adzasaine ndi dzanja lake. Anthu ankawanena kumbali kuti ndi ouma mtima, koma kalata ikasowa, onse ankathamangira kunsi kwa masitepe komweko, mawu atawafewetsa.

Chaka chimenecho ku likulu kunachokera chikalata cha masamba asanu. Chinkati pofuna kupulumutsa magetsi, madzi ndi mafuta a galimoto, ogwira ntchito azibwera ku ofesi Lolemba ndi Lachinayi, masiku enawo azigwirira kunyumba ndipo ofesi izikhala yotseka. Amene analemba chikalatacho sanatsikepo masitepe aja chibadwire. Analemba za malaputopu, za misonkhano ya pa kanema, za kutumiza malipoti pa intaneti. Za pepala lenileni, la fumbi, lomangidwa ndi chingwe, sanalembepo ngakhale mzere umodzi.

Malaputopu anagawidwa motsata maudindo, kuyambira m'chipinda chapamwamba kutsika m'munsi, ndipo anathera pakati pa masitepe. Mayi a Makiyi analandira pepala loti asaine kuti chikalatacho achiwerenga ndipo achimvetsa. Anasaina, ngakhale sanamvetse kuti munthu wa mashelefu khumi ndi awiri achitsulo agwirira bwanji ntchito kunyumba.

Lachiwiri loyamba anadzuka monga mwa masiku onse, anasamba, anavala diresi la ku ntchito, anakoloweka makiyi m'khosi, ndipo nthawi yoyamba ntchito inawapeza atakhala pa tebulo la pabalaza, foni ili patsogolo. Analemba pa gulu la ogwira ntchito kuti "Ndayamba ntchito", monga mmene analamulira. Kenako anangokhala, manja ali pa tebulo. Amuna awo, amene makina awo osokera ankakhala pakhonde, anasuzumira pakhomo tepi yoyezera ili m'khosi.

"Kodi boma lasamukira kuno? Mundiuze msanga, ndikonze mpando wothyoka mwendo uja, mwina kubwera akuluakulu."

"Ndili pa ntchito, bambo. Musandisokoneze."

"Pepani abwana. Nanga tiyi wa ogwira ntchito m'boma amamwa nthawi yanji?"

Sabata isanathe, mayi wogulitsa makala woyandikana nawo nyumba anali atawafunsa kale atelala monong'ona ngati zili zoona kuti akazi awo awachotsa ntchito. Atamuuza kuti ayi, akugwirira kunyumba, anagwedeza mutu mwachisoni ngati munthu wouzidwa kuti wodwala akupezako bwino pamene iye wamva kale zina. Kuyambira pamenepo aliyense wochoka pakhomo ankawasiyira mawu: poti muli pompano, mundionereko zovala pa chingwe, mundilandirireko alendo. Zinkawapweteka kwambiri. Zaka zonse zija ankatuluka m'bandakucha anthu akuwapatsa ulemu, lero asanduka mlonda wa zovala za eni.

Bwana wawo anali woyang'anira za ogwira ntchito, bambo wosalala pakamwa, wocheperapo kwa iwo ndi zaka khumi ndi zisanu. Fayilo yake anaitsegula ndi iwo omwe, tsiku limene anafika koyamba atavala jekete lomukulira m'mapewa, ndipo ndi iwo amene anamuphunzitsa kusiyanitsa kalata yolowa ndi yotuluka. Iye ankawaitana kuti "mayi anga". Anthu ankamutcha a Ndisaina, chifukwa ukamupatsa pepala ankalisisita ndi chikhatho n'kunena kuti, "Siyani pomwepo, ndisaina," ndipo pepalalo linkagona pomwepo mpaka kuchita chikasu.

Lachitatu la sabata yachiwiri, cha m'ma teni, foni inalira.

"Mayi anga, ndikufuna tsamba lina m'fayilo ya kalaliki uja akudandaula za kukwezedwa. Ku likulu akulifuna lero."

"Fayilo ili ku ofesi, bwana. Ndikupatsani mawa."

"Mawa ndi kutali. Yesetsani."

Anayesetsa. Anakwera maminibasi awiri, dzuwa lili pamutu, n'kukafika pa geti. Mlonda, bambo wachikulire amene anakalamba nawo limodzi pa ofesipo, anaimirira n'kuvula chipewa, koma geti sanatsegule.

"Mayi, mundikhululukire. Andiuza kuti tsiku lotseka ngakhale mphaka asalowe. Ndikakutsegulirani, mawa ndine ndili panja."

Anabwerera chimanjamanja. Madzulo ake a Ndisaina anaimbanso.

"Tichite chonchi, mayi anga. Lolemba ndi Lachinayi ndizikuuzani mafayilo amene ndiwafune sabata imeneyo. Muziwatenga, muzikhala nawo kunyumba. Ndikafuna tsamba, mungolijambula pa foni n'kunditumizira."

"Bwana, fayilo situluka m'nyumba ya boma popanda siginecha."

"Ndikudziwa. Si ndinu munandiphunzitsa? Lembani m'buku lanu, danga langa mulisiye. Ndikabwera ndisaina onse pamodzi."

"Ndiye mungondilembera uthenga pa foni pomwepa kuti mwandiloleza."

"Ndikuyendetsa galimoto panopa. Kodi mawu anga sakukwanirani? Anthu akudikira kukwezedwa, ena akudikira makalata opumira ntchito, amasiye akudikira za amuna awo. Inu mukufuna boma liime chifukwa cha kasiginecha?"

Mawu omalizawo ndi amene anawagwetsa. Anthu odikirawo ankawadziwa ndi nkhope zomwe. Ankawaona atakhala pa benchi la m'khonde, mapepala ali m'thumba la pulasitiki, akuimirira aliyense akadutsa. Choncho Lachinayi limenelo, kwa nthawi yoyamba pa zaka makumi awiri ndi zisanu ndi zinayi, Mayi a Makiyi analemba mafayilo anayi m'buku lakuda, wotenga analemba okha, kopita analemba kuti kunyumba kwa wosunga mafayilo, danga lomaliza analisiya mbee. Anawaika m'chikwama n'kudutsa nawo pa geti ngati kuti aba.

Kunyumba mafayilowo anawasamala kuposa mmene anasamalira ana awo atatu ali makanda. Anawaika m'katoni, katoniyo m'pepala la pulasitiki, n'kuikweza pamwamba pa wodilopu m'chipinda chogona. Chipindacho chinayamba kukiyidwa, ndipo kiyi wake anapita pa chingwe cha m'khosi. Atelala akafuna malaya awo masana ankachita kugogoda m'nyumba yawo yomwe.

"Odi ku boma," ankatero. "Ndabwera kudzatenga kabudula, ndisaine pati?"

Pojambula masamba ankawayala pa bedi, chifukwa pamenepo ndi pamene kuwala kwa pa zenera kunkagwera bwino. Pa bedipo pankakhala nsalu ya maluwa ofiira akuluakulu imene atelala anasoka okha chaka chimene mwana wawo wotsiriza anakwatiwa.

Buku anakwera nalo masitepe katatu. Ulendo woyamba anapeza chitseko cha a Ndisaina chokiya, chifukwa mabwana anali atagwirizana kuti Lolemba ndi Lachinayi lomwelo iwo akhoza kuonekera pa kanema. Ulendo wachiwiri anawapeza, koma anali atatseka makutu ndi zomvera, akuseka ndi laputopu, ndipo anangokweza dzanja kuti dikirani. Anadikira chiimirire mphindi makumi anayi mpaka miyendo inachita dzanzi. Ulendo wachitatu a Ndisaina analisisita bukulo ndi chikhatho.

"Siyani pomwepo, mayi anga."

Koma buku lakuda silinkagona kunja kwa chipinda cha mafayilo. Limenelo linali lamulo lawo lomwe, ndipo atangoweruka anakalitenga, danga likadali mbee. Chimene sanachione nthawi imeneyo n'chakuti bwanayo za mafayilo sankalemba. Moni ankalemba, zithunzi za maluwa za Lolemba m'mawa ankatumiza pa gulu, koma akafuna fayilo ankachita kuimba.

Zinayenda choncho miyezi inayi. Mafayilo oposa makumi asanu ndi limodzi anapita kunyumba n'kubwerera, palibe ndi imodzi yomwe imene inataya tsamba kapena kudontheredwa tiyi. Benchi la m'khonde linayamba kupepuka. Pa msonkhano wina wa pa kanema, Mayi a Makiyi atagwira foni pafupi ndi khutu kuseri kwa nyumba kumene netiweki inkagwirako, anamva mkulu wa ku likulu akuyamikira a Ndisaina kuti nthambi yawo yokha ndi imene ntchito sinaime. A Ndisaina anayankha modzichepetsa kuti chinsinsi chake ndi kugwiritsa ntchito njira zamakono. Njira zamakonozo zinali zitaima pafupi ndi mgolo wa madzi, zitavala patapata, nkhuku za mayi wa makala zikuzijompha m'miyendo.

Chimene chinaulula zonse chinali ulesi wa chala chimodzi. Masiku onse a Ndisaina ankadula m'mbali mwa chithunzi asanachitumize ku likulu. Tsiku lina anachitumiza mmene chinalili. Linali tsamba la chinsinsi, lonena za matenda a wogwira ntchito wina, ndipo m'mbali mwake munkaoneka maluwa ofiira, ngodya ya pilo, ndi tepi yoyezera ya atelala itadzipinda ngati ikuwerenga nawo. Ku likulu chithunzicho chinafika kwa mayi wina wa zamalamulo, amene anafunsa funso limodzi lokha: kodi ku ofesi kwanuko kuli bedi?

Kalata yofuna kuti Mayi a Makiyi afotokoze inabwera sabata yomweyo. Mayi a Makiyi anaimbira bwana wawo kasanu ndi kawiri. Anayankha ulendo wachisanu ndi chitatu.

"Musade nkhawa, mayi anga, ndi kankhani kakang'ono. Inu mukangonena zoona basi."

Atelala, amene nthabwala zinali zitawathera, anaimitsa makina n'kulowa m'nyumba.

"Mverani kuno. Siginecha ya munthu ameneyo mukuidziwa kuposa mwini wake. Tengani cholembera mudzaze madangawo."

"Ndinamizire siginecha? Ine?"

"Ndiye bukulo lisowe. Mabuku amasowa m'boma tsiku ndi tsiku. Mukanene kuti munatenga fayilo imodzi yokha, tsiku limodzi, mwangozi."

"Bambo, mwakhala nane zaka zonsezi osandidziwa? Buku limenelo ndi limene likandiombole. Muli tsiku lililonse, fayilo iliyonse, yapita liti, yabwera liti. Wakuba salemba."

"Wakuba salemba, n'chifukwa chake sagwidwa," anatero atelala, n'kubwerera pakhonde. Makina sanalire tsiku lonse.

Bukulo analipereka kwa ofufuza ndi manja awiri.

Mlandu unakambidwa Lachinayi lina m'chipinda cha misonkhano chapamwamba, mmene Mayi a Makiyi ankangolowamo kudzasiya mafayilo. Munali tebulo lalitali lonyezimira ndi mipando makumi awiri, ndipo pa mipando yonseyo anakhalapo okha. Wa makompyuta anayatsa kanema wa pakhoma n'kutuluka. Pa kanemapo panaoneka timabokosi titatu. M'koyamba munali wapampando wa komiti, mayi wa magalasi atakhala pabalaza pake, kumbuyo kwake kuli makatani okongola. M'kachiwiri munali mayi wa zamalamulo uja. Kachitatu kanali kakuda bii, pansi pake patalembedwa udindo wa a Ndisaina.

Wapampando anaonetsa tsamba la buku lakuda pa kanema. Zilembo zawo zozungulira bwino zija zinadzaza khoma lonse.

"Mayi, zolembazi ndi zanu?"

"Ndi zanga."

"Palembedwa kuti mafayilo ankapita kunyumba kwanu. Ndi zoona?"

"Ndi zoona. Onse anabwerera."

"Danga la wololeza lilibe kanthu kuyambira pamwamba mpaka pansi. Anakulolezani ndani?"

"Bwana anga. Anandiuza pa foni kuti ndizitenga, adzasaina akabwera."

Wapampando anapempha a Ndisaina kuti ayankhe. Kabokosi kakuda kanakhosomola kaye, kenako kanalankhula ndi mawu ofatsa aja.

"Zikomo wapampando. Nkhaniyi yandikhudza kwambiri, chifukwa mayi amenewa ndimawatenga ngati mayi anga ondibereka. Ine ndinkapempha masamba, zimenezo sindikana. Koma mmene ankawapezera sindinkadziwa. Ndinkaganiza kuti poti makiyi ali nawo, ali ndi njira yolowera mu ofesi. Aliyense pa nthambi yathu akudziwa kuti mayiwa salola fayilo kutuluka popanda siginecha, ngakhale utakhala mkulu wa nthambi. Ndiye ine ndikanayamba bwanji kuwauza kuti aphwanye lamulo limene anandiphunzitsa okha?"

Mayi a Makiyi bodza analiyembekezera pang'ono, atelala anali atawatsina khutu. Chimene sanayembekezere n'chakuti munthuyo atenga kukhulupirika kwawo komwe, kwa zaka zonse zija, n'kuwamenya nako. Anagwira makiyi a m'khosi kuti asachite phokoso.

"Wapampando, ndili ndi pempho limodzi."

"Nenani."

"Bwana ayatse kamera. Abwereze zimene anenazo ndikuwaona nkhope."

Mayi wa zamalamulo anayang'ana pansi.

"Pepani, netiweki kuno ikuvuta kwambiri," kanatero kabokosi kakuda. "Ndikayatsa kamera mawu azidukaduka."

Mawu sankaduka ngakhale pang'ono. Ankamveka bwino moti chipinda chonse chinamva supuni ikuzungulira m'kapu ya tiyi, kenako n'kugogoda kawiri pa mlomo wa kapuyo.

Wapampando anafunsa ngati pali uthenga wolembedwa, kapena kapepala kalikonse. Panalibe. Foni inkaonetsa kuti bwana anaimba kambirimbiri, koma foni sisunga zimene munthu wanena. Anafunsa ngati pali mboni. Panali atelala, koma mwamuna wa munthu si mboni, ndiponso kumutchula kukanangokumbutsa komiti za tepi ija. Wapampando sanali munthu woipa. Anangoyang'ana wotchi, n'kunena kuti ali ndi msonkhano wina pakangotha mphindi zisanu, ndipo timabokosi tonse tinazima kamodzi. Mayi a Makiyi anatsala akuyang'ana nkhope yawo pa galasi lakuda. Anabwezera mpando pamalo pake asanatuluke.

Chigamulo anauzidwa pa foni. Poganizira zaka zimene atumikira, komiti inawachitira chifundo: sachotsedwa ntchito. Alandira chenjezo lomaliza, makiyi apereke pakutha pa mwezi, ndipo miyezi yotsalayo akakhale pa tebulo la pakhomo kulozera alendo kopita. Munthu wa chenjezo lomaliza salandira kalata yothokoza popuma, zimenezo sanachite kuwauza, lamulolo ankalidziwa pamtima. A Ndisaina analangizidwa kuti azionetsetsa bwino ntchito za anthu awo.

Lolemba lotsatira, akulowa pa geti, mlonda anawapatsa envulopu yaikulu yakhaki. Sanawayang'ane m'maso.

"Anasiya ndi abwana anu. Anabwera Lachisanu."

"Lachisanu? Ofesi ili yotseka?"

"Anati pali kalata yofulumira yofunika kusaina. Ndinawatsegulira, nanga ndikanatani? Sanakhalitse."

Anatsika masitepe, anatsegula chipinda, anayatsa getsi, anakhala pa tebulo lawo n'kung'amba envulopuyo bwinobwino ndi mpeni wa makalata. Munali mulu wa mapepala: lipoti la ofufuza, zokambirana za komiti, masamba onse a buku lakuda atajambulidwa, ndi chithunzi cha bedi lawo chitasindikizidwa pa tsamba lathunthu, maluwa ofiira atasanduka otuwa. Pamwamba pa zonsezo panali kalata ya chenjezo. M'munsi mwake munali siginecha ya a Ndisaina, ya inki yabuluu, yaikulu, ya mchira wautali wokhotera m'mwamba, ndi tsiku la Lachisanu lomwelo. Miyezi inayi anaifunafuna siginecha imeneyo, akukwera masitepe ndi buku kukhwapa. Inalipo nthawi yonseyi, ndipo inkatha kuyendetsa galimoto kubwera ku ofesi tsiku lotseka.

Kakalata kakang'ono kophatikizidwa ndi pini kankati mapepalawa aikidwe m'fayilo ya mwini wake. Wodzalowa m'malo mwawo anali asanabwere. M'nyumba yonse ya boma ija, munthu woika mapepala m'mafayilo anali mmodzi yekha.

Anakhala nthawi yaitali akuyang'ana nsapato zodutsa pa zenera. Ankadziwa bwino kuti kuseri kwa shelefu yachisanu ndi chinayi, kumene kumakhala mafayilo a anthu omwalira, kuli mpata pakati pa chitsulo ndi khoma, ndipo pepala logwera mmenemo silingapezeke mpaka nyumbayo itagwetsedwa. Palibe bwana amene akanatsika kudzafufuza. Mawu a atelala anawabwerera, ndipo ulendo uno sanawapsere mtima. Anangoona kuti amuna awo ankanena zoona, ndipo kuti ngakhale zili zoona, manja awo sangachite.

Anatenga chidindo, anakonza tsiku, anadinda kalatayo kuti yalandiridwa. Anapita pa shelefu yachinayi n'kusolola fayilo yawo ndi zala ziwiri. Anabowola mapepala aja pang'onopang'ono, asanuasanu, chifukwa chobowolera chinali chokalamba. Kenako anayamba kulemba manambala pa ngodya ya tsamba lililonse monga mwa lamulo, kupitiriza pamene analekezera. Kalata ya chenjezo inakhala tsamba la khumi ndi chiwiri. Polemba nambala imeneyo analira, kulira kwenikweni kwa munthu wamkulu, kopanda phokoso, atatembenuzira nkhope kumbali kuti misozi isagwere pa pepala la boma.

Chingwe chakale cha fayiloyo chinaperewera. Anatsegula kabati n'kutenga chachitali, cha mtundu umene ankasungira anthu a milandu, n'kumanga mfundo yake bwino.

Pobwezera, fayilo inakana kulowa. Kampata kamene inakhalamo zaka zonse zija kanali ka masamba khumi ndi limodzi. Anayesa kukankha, chikuto chinayamba kupindika, ndiye anasiya. Anatsitsa fayilo ya dalaivala wa botolo uja kuti apeze malo, ndipo ataigwira dzanja lina, yawo dzanja lina, anamva kuti yawo ndi imene ikulemera. Anasuntha mzere wonse wa shelefu yachinayi, fayilo imodziimodzi, mpaka malo anapezeka. Ataiika, anabwerera m'mbuyo pang'ono n'kuyang'ana. Munthu wolowa pakhomo, ngakhale mlendo, ikanakhala yoyamba kuiona.

Anapukuta m'maso ndi nsonga ya mpango, anakhala pansi, n'kutsegula buku latsopano limene anawapatsa m'malo mwa lakuda lija. Pa benchi la m'khonde panali kale anthu atatu akudikira.